Mkamwini Amene Analowa M'chikuta

Iwe Dalitso, mwana sagwiridwa choncho. Watambasula manja ngati wanyamula mbaula yoyaka. Msendeze pachifuwa, dzanja lina likhale kunkhongo kwake, amve mtima wako ukugunda. Eya. Waona kuti wasiya kulira? Ndiye muzinena kuti agogo aamuna angadziwe chiyani za makanda. Ana inu, khalani pansi, ndipo kafoni kameneko kamene kakukuuzani mwezi woti mwana aseke ndi mwezi woti akhale tsonga, takaikani m'thumba. Chiyambire m'mawa mwakhala mukukayang'ana kuposa mwana weniweniyo.

Amayi ako iwe Dalitso, amene enanu mumati azakhali a Esitere, mumawadziwa ali chimzimayi chathupi chokalipira makondakitala a minibasi m'Chipata muno. Ine ndinawadziwa akukwana m'zikhatho zanga ziwirizi, anthu akunena kuti si munthu. Nkhani imeneyo iwo saikonda, amati ndimawachititsa manyazi. Lero apita kumsika, ndiye ndikamba.

Zinali zaka za Chitaganya, Chipata tikumutchula kuti Foti Jemisoni. Kwathu kwenikweni ndi cha ku Mtenguleni, kwa Angoni, kumene mwamuna amapereka ng'ombe nkutenga mkazi, ana nkukhala ake. Koma ng'ombe za bambo anga zinatha ndi matenda, ndipo mtima wanga unakagwa kwa Achewa cha ku Kasenengwa, pa mtsikana wosalankhulalankhula dzina lake Delifa, agogo anu aakazi malemuwo. Opanda ng'ombe sasankha mwambo. Ndinalowa chikamwini.

Inu chikamwini mumangochimva m'nyimbo za paukwati. Mkamwini amakhala kwawo kwa mkazi, amalima munda wa apongozi, amamanga nkhokwe ya apongozi, koma apongoziwo salankhula nawo. Ukawaona akubwera m'njira umapatukira m'tchire ngakhale muli chitedze. Ukafuna kuwauza kanthu umatuma mkazi wako. Ana amene wabereka si ako, ndi a mbumba ya mkaziyo, ndipo mwini wake ndi malume. Ine ndinachita zonsezo osawiringula, mpaka amayi a Delifa ankanditama kwa anzawo kuti anapeza mkamwini waulemu. Sankadziwa kuti ulemu nawo uli ndi polekezera.

Nyengo yolima ikatha ndinkapita m'tauni kukakonza njinga pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Yangayo ndinaipanga ndekha: felemu ya uku, mahandulo a uko, tcheni cholira ngati nkhanga, moti agalu ankandidziwa ndikadali kutali. Masiku amenewo munthu wakuda akafuna nyama kubutchala ya Azungu ankagulira pa kawindo ka m'mbali, ndipo anzanga pakhonde paja ankakhalira kukamba zimenezo, ena mpaka kumangidwa nazo. Nanenso zinkandiwawa. Koma nkhondo yanga ya zaka zimenezo inandipeza kunyumba.

Mimba yoyamba ya Delifa inawawa miyezi isanakwane, m'nyengo yozizira, titangokolola chimanga. Amayi akuluakulu anamtengera m'kanyumba ka kuseri kwa apongozi, ife amuna nkutithamangitsa. Kanyumba kameneko kanasanduka chikuta, malo amene mayi ndi khanda amabindikira mpaka mchombo utagwa, ndipo mwamuna sapondamo phazi. Mwana anabadwa, koma magazi a Delifa sanaleke, thupi nkutentha ngati chitsulo cha padzuwa. Tinamnyamula pa machila mpaka kumsewu, kumene lole ya fodya inatitengera kuchipatala cha m'tauni, njinga yanga ili momwemo. Mwana anatsala, pakuti mwana wa chikuta satuluka.

M'mawa mwake ndinabwerera kumudzi pa njinga. Ndinaima kutali monga mwa mwambo, nkuitanitsa mzamba amene anabereketsa Delifa. Anabwera akupukuta manja, maso ali kumbali.

"Amayi, mwana ali bwanji?"

"Kanthu kaja sikanakhwime, a Daka. Ndi madzi okhaokha. Sikayamwa, ndipo woyamwitsayo palibe. Takadonthezera timadzi, kakulavula. Kakapita tikakaika ndife amayi, mwakachetechete. Inu musalire, pa mtayo salira."

"Ndi kamkazi kapena kamwamuna?"

"Mufunsiranji? Mufuna kukatcha dzina? Pitani mukaone akazi anu, ali ndi moyo ndi amenewo. Mudzabereka ena."

Ana inu, musawaone amayi amenewo ngati mfiti. Apongozi anga anali ataika makanda awo angapo kudambo, ndipo amayi ambiri m'mudzimo anali chimodzimodzi. Kunena kuti khanda la chikuta si munthu unali mpanda wotchingira mtima kuti usasweke chaka ndi chaka. Zimenezo ndinazimvetsa nditakula. Tsiku limenelo sindinazimvetse, ndipo ngakhale lero sindivomereza.

Panalinso chifukwa china chimene ankaletsera amuna. Ankati khanda ndi lozizira, mwamuna ndi wotentha chifukwa cha zochitika za m'nyumba ndi za m'njira. Mwamuna akaligwira makolo asanachite mwambo womtenga mwana, mwanayo amadwala tsempho: amawonda, miyendo nkutupa, tsitsi nkufiira, mapeto ake kumanda. Mlandu wa tsempho unali waukulu. Koma ine thupi langa ndinkalidziwa. Chitengere mimba Delifa ndinali ndisanayende njira yokhota, ndipo ndinadzifunsa kuti, kodi chopha mwana wozizira ndi kutentha kwa bambo ake kapena mphepo ya mwera imene ikulowa pansi pa chitseko?

Ndinakhala pamthunzi wa nkhokwe imene ndinamanga ndekha, khutu lili ku kanyumba kaja. Kalikonse kanali zii, kupatula kamawu kang'onong'ono ngati ka mwana wa mphaka. Kankalira, nkuleka, nkuyambanso. Dzuwa likukwera, kuleka kuja kunayamba kutalika kuposa kulirako. Amayi ankadutsa ndi mitsuko, ena akusinja, moyo ukuyenda ngati palibe kanthu. Mtima unandipsa. Ndinati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinalowa m'nyumba mwanga, ndinatenga chilundu cha Delifa ndi jasi lausilikali limene anandisiyira amalume anga obwera kunkhondo, lolemera ngati chikopa cha ng'ombe, ndipo ndinalunjika kuchikuta.

Apongozi anali pakhomo penipeni, akutongola chimanga. Ataona kuti sindikupatuka, anaganiza kuti sindinawaone, nkutsokomola. Ndinafika mpaka mthunzi wanga unagwera pa lichero lawo.

"Amayi, ndipatseni njira."

Amenewo anali mawu oyamba amene ndinawalankhula maso ndi maso chikwatirire mwana wawo. Lichero linagwa. Anadziphimba kumaso ndi nsalu nkuyamba kukuwa.

"Mayo ine! Kuno kwalaulidwa! Amayi inu, bwerani mudzaone mkamwini wapenga!"

"Sindinapenge, amayi. Mwana akufa ndi njala, bere lili m'tauni. Ngati bere silingabwere kuno, mwanayo apita komweko."

"Mukamgwira mwamupha! Akatupa mwanayu, mlandu ndi wanu!"

"Ndamva. Mwanena kale kuti si munthu. Ndiye ndikapha chiyani?"

Ndinawalambalala, ndinawerama, ndinalowa. Mkati munali mdima, moto utazima, fungo la utsi ndi magazi. Kamwanako kanali pa mphasa, kokutidwa ndi kansanza. Nditavundukula ndinaona kuti ndi kamkazi. Khungu linali lofiira, lamakwinya ngati la nkhalamba, tiubweya tili m'mapewa, makutu ofewa opindika, timiyendo ngati zala zangazi. Mchombo unali womangidwa ndi luzi. Nditakakhudza kuphazi, kanali kozizira ngati mwala wa kumtsinje. Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinali ndisanagwirepo khanda chibadwire, ndipo manja anga ozolowera sipanala anali ouma kuposa akowo, Dalitso.

Nzeru imene ndinali nayo inali ya mbuzi basi. Kwathu kamwana ka mbuzi kakabadwa m'mvula, tinkakaika m'malaya mpaka katatsitsimuka. Ndinamasula mabatani a malaya, ndinagoneka kamwanako pachifuwa, khungu kukhudza khungu, kamutu kali chopendekeka kuti kapume. Ndinamanga ndi chilundu chija, pamwamba nkuvala jasi. Potuluka ndinapeza amayi a m'mudzi atadzaza pabwalo, ena atagwira pakamwa, ena akulira ngati maliro. Palibe amene anandigwira, chifukwa aliyense ankaopa kukhudza munthu wolaula. Ndinakwera njinga.

Msewu wa ku Kasenengwa umene mumadandaula nawo lero mukakwera minibasi, nthawi imeneyo unali mchenga ndi mabampu okhaokha. Ndinkapalasa pang'onopang'ono, dzanja lina pa handulo, lina pachifuwa. Pamene pali chitunda ndinkatsika nkumakankha. Chimene palibe amene anandiuzapo nchakuti makanda obadwa msanga amaiwala kupuma. Kankapuma mofulumira, kenako zii, mpaka ine nkuima pakati pa msewu. Ndikakasisita kumsana ndi chala, kankadzidzimuka nkuyambanso. Njira yonse ndinkakalankhula ngati wamisala: "Iwe, usandichititse manyazi. Ndatukwana mudzi wonse chifukwa cha iwe." Titapitirira theka la njira ndinamva timadzi tofunda tikutsikira pamimba panga. Ndinaseka ndekha m'tchiremo, chifukwa chakufa sichikodza.

Polowa m'tauni anandiimitsa wapolisi. Masiku amenewo ankasecha anthu kufuna makadi a chipani ndi timapepala totsutsa Chitaganya, ndipo munthu wovala jasi dzuwa lili paliwombo, chifuwa chili tumbu, anali nyama yawo.

"Iwe, imilira! Chitupa chili kuti? Uli na chiani mu jasi umo?"

"Ndi mwana, bwana."

"Mwana wa chiani? Uganiza ndine wopusa? Tsegula!"

Ndinatsegula batani limodzi lokha kuti mphepo isalowe. Anasuzumira ndodo ili m'manja, nkukumana ndi kankhope kamakwinya kakuyasamula. Anabwerera m'mbuyo ngati waona njoka.

"Amake ali kuti?"

"Ali kuchipatala, bwana."

"Nanga uimiliranji? Yenda! Yenda msanga!"

Za chitupa anaiwala, ndipo ine sindinamkumbutse.

Kuchipatala nako kunali chikuta chake. Wodi ya amayi mwamuna sankalowa, ndipo sisitala wachizungu anandikalipira m'Chingerezi chothamanga chimene ndinangotolamo mawu oti kunja. Ndinati ndathyola kale khomo limodzi lero, lachiwiri silingandivute. Ndinaima pomwepo mpaka namwino wina wachikuda, mayi wachikulire, anabwera nkundimasula chilundu. Atakagwira kamwanako anandiyang'ana.

"Kakutentha bwino. Mwabwera nako bwanji?"

"M'malaya, amayi."

"Chabwino. Tsopano tulukani, musatiyambitsire mlandu."

Ndinatuluka, koma ndinakaima pawindo. Ndinaona Delifa, wofooka, milomo yoyera, akutambasula manja. Iye ankadziwa kuti mwana anatha kale, chifukwa ndi mmene anamuuzira pomnyamula. Sanalire mokweza, sanali munthu wotero. Anangondiyang'ana pawindo paja, ndipo kuyang'ana kumeneko ndikukuonabe lero.

Kamwanako kanalibe mphamvu yokoka bere. Namwino uja anaphunzitsa Delifa kufinyira mkaka pa kasupuni nkumadonthezera pakamwa, dontho limodzi limodzi. Unali mkaka woyamba uja wachikasu, umene kumudzi ankaufinyira pansi kuti ndi wonyansa. Iwe Mesi, mkazi wa Dalitso, ndamva kuti kuchipatala anakuuza kuti umenewo ndiye mankhwala. Ife tinazionera pa mwana wathu. Makina agalasi ofunditsira ana amene mukuwadziwawa ife sitinawaone. Anali bokosi, thonje, ndi mabotolo a madzi otentha, ndipo Delifa atayamba kupeza bwino anakana bokosilo, nkumamuika mwana pachifuwa pake monga ndinachitira ine. Ine ndinkagona pakhonde la Mmwenye, m'mawa uliwonse nkubwera pawindo ndi mbatata yootcha. Tsiku lina ndinapeza Delifa akumwetulira, nsalu itatsika paphewa. Mwana anali atagwira bere yekha, masaya akuphwa nkufufuma.

Mchombo unagwera kuchipatala komweko. Kumudzi dzina akanatcha achibale a mkazi, koma kunalibe wina, ndiye ndinatcha ndine, kudzera pawindo. Ndinati Nenani. Anene zimene akufuna. La Esitere linabwera pambuyo, pa ubatizo.

Mwina mukuganiza kuti titabwerera kumudzi ndi mwana wamoyo anthu anaimba nthungululu. Ayi ndithu. Mudzi unakhala pansi kudikira tsempho. Mwana aliyense amakula anthu akusangalala naye, koma wanga ankakula ngati munthu wa pamlandu. Amayi a m'mudzi akabwera kudzamuona, chala chinkathamangira kuphazi kukadina, kuona ngati latupa.

Ndipo Nenani sanandithandize, ankachedwa pa chilichonse. M'mudzimo munali ana ena obadwa nyengo yomweyo. Iwo khosi litalimba, lake linali likadali lendelende ngati la mwanapiye wonyowa. Iwo akuseka ndi aliyense wodutsa, iye ankangokuyang'ana ndi maso akuluakulu ngati akukuwerengera machimo. Tsiku limene anandimwetulira koyamba, nkhama zokhazokha, ndinali ndikumeta ndevu ndi lezala, ndipo ndinadzicheka pachibwano apa. Anzake atayamba kukhala tsonga, ine ndinatenga dengu, ndinazinga nsanza m'mbali nkumukhazikamo kuti msana uzolowere. Ankakhala pang'ono nkupendekeka ngati thumba la ufa losadzaza. Amuna anzanga pamowa ankanditcha azamba. Ndinkawayankha kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Si zonse za apongozi zimene ndinkakana. Mankhwala akuda amene ankamata paliwombo, pofewa paja pamene pamagunda pamutu pa khanda, ndinkawalekerera, chifukwa sankalowa m'mimba. Kamkanda ka m'chiuno nako ndinakasiya, kankatithandiza kuona ngati mwana akunenepa. Koma zomwetsa ndinkakana, ndipo Delifa, amene ankalandira mankhwalawo ndi manja awiri kwa amayi ake, ankakawathira kuseri kwa nthochi osanena kanthu. Ndinkaganiza kuti akungondiopa.

Choopsa chinabwera ndi dzinja, miyezi ija nkhokwe zimalira mphepo. Mano akutuluka, Nenani anatsegula m'mimba, anawonda, liwombo linalowa, tsitsi linayamba kufiira. Mudzi wonse unati eya, si izo tinkanena. Ine ndinkaona kuti ana a eni ake, amene palibe mwamuna anawagwira m'chikuta, nawonso tsitsi lawo lafiira, chifukwa onse ankamwa phala lamadzimadzi la ufa woyera. Ndinakumbukira zimene namwino uja anauza Delifa, ndinasinjitsa mtedza wa mbewu nkumathira nsinjiro m'phala. Ndinayambanso kuswera dzira momwemo. Dzira! Kumudzi kuja mwana wamkazi sankadya dzira, ankati adzavutika pobereka. Tawerengani ana a azakhali anu a Esitere mundiuze ngati anavutika. Mwana anabwerera, masaya anadzaza, ndipo anayamba kukwawa. Koma ankakwawa chobwerera m'mbuyo, mpaka kukapanikizika pansi pa nkhokwe nkumalira mokwiya.

Kuyenda ndiko kunabweretsa mlandu. Tinakolola kawiri, anzake akuthamangitsa nkhuku pabwalo, iye akudzikhwekhwereza ndi matako. Akagwira mwendo wanga ankaimirira, koma ndikamsiya ankakhala pansi nkundiyang'ana ngati ndamunamiza. Ndikuuzeni pano kuti musavutike mtima: anadzayenda, nthawi yake itakwana, ndipo chiyambire sanakhalenso pansi. Mwana wobadwa msanga amayamba ulendo ali kumbuyo, ndipo ngakhale wobadwa pa nthawi yake ali ndi mayendedwe akeake. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma kumudzi kuja kudekha kunali kutatha. Anati tsempho lalowa m'mafupa.

Tsiku lina masana ndikuchokera kudimba ndinapeza anthu atakhala pabwalo la apongozi. Pakati panali a Gideoni, malume ake a Delifa, mwini mbumba. Pakhomo pa nyumba yanga panali khasu langa, nkhwangwa, bulangete ndi jasi lija, zomangidwa pamodzi ndi luzi, njinga itatsamira pambali. Mkamwini aliyense amadziwa tanthauzo la mtolo wotero. Ankandisudzula. Delifa anali atakhala kumbuyo kwa amayi ake, mutu uli pansi. Nenani anali pa mphasa pakati pa bwalo, akusewera ndi chitsononkho.

"A Daka," anatero a Gideoni, "mwatilimira, mwatimangira, tathokoza. Koma munalowa posalowa, ndipo mwana wathu mwamlemaza. Tambala akatha kulira amabwerera kwawo. Katundu wanu ndi uyo."

"Nanga mwanayu?"

"Mwana ndi wathu. Mawa apita kwa sing'anga akamtemere mphini m'mawondo ndi kummwetsa zotsuka m'mimba. Zamazirazo zatha lero."

Zotsuka m'mimba kwa kamwana kamene kanangotsala pang'ono kutha ndi m'mimba momwemo! Magazi anandithamangira kumutu. Ndinadziwa kuti mwambo uli kumbali yawo, ndipo ngakhale kukhoti akanandiseka. Ndinayang'ana Delifa. Sanadzutse mutu.

"Malume," ndinatero, "tsiku limene mwanayu anabadwa, mbumba yanu inati ndi madzi. Madziwo ndinatunga ndine. Lero asanduka mwana wanu liti?"

"Musatilankhule mwachipongwe pamudzi pathu!"

"Pamudzi panu ndichoka. Koma sindichoka ndekha."

Ndinapita pa mphasa paja, ndinatola mbereko imene inali pambali, ndinawerama monga ndinkaonera amayi, ndinamponya Nenani kumsana nkumanga mfundo pachifuwa. Mwamuna wa Chingoni, ndevu pepeya, kubereka mwana pamaso pa bwalo! Ena anaseka, ena anatukwana. Anyamata a m'banjamo anaimirira nkutseka njira yotulukira. Anali ambiri, ine ndekha, ndipo ndi mwana kumsana sindikanaponya chibakera. Ndinangoima, Nenani akundikoka khutu.

Pamenepo Delifa anadzuka. Sanayang'ane munthu. Analowa m'nyumba mwathu, ndipo bwalo lonse linamvetsera kugobedeka kwa ziwiya. Anatuluka ndi dengu, m'menemo muli mphika, mthiko, mbale ndi kathumba ka mtedza. Anatula dengulo pansi, nkubwera kwa ine, nkuyamba kumasula mfundo ija.

Ana inu, ndaikapo bambo anga ndi mayi anga, koma mtima sunandigwe ngati nthawi imeneyo. Anyamata aja ndikanalimbana nawo. Koma manja a Delifa ndikanawakana bwanji? Mwana anali wake, mudzi unali wake, munda umene tinkadya unali wa amayi ake. Mkazi wa Chichewa akachoka pa mbumba yake amasiya zonse, ndipo ine ndinalibe chomupatsa kupatula khonde la Mmwenye. Ndinamlekera. Anamchotsa mwana kumsana kwanga, ndipo ndinamva apongozi akupuma mozama, a Gideoni nkunena kuti, "Wachita bwino, mwana wanga. Bwera naye kuno."

Delifa anawerama, anamuika Nenani kumsana kwake, anakunga mbereko bwinobwino. Kenako anasenza dengu lija, nkundiyang'ana.

"Munamanga molakwika, a Daka. Mutu unapendekeka, akanafika m'tauni khosi likuwawa. Tengani njinga, dzuwa likupita."

Anayenda molunjika pa anyamata aja, alongo ake enieni, ndipo anapatuka okha. Amayi ake anamuitana dzina mpaka mawu anasasa. Ndinaona misozi ikutsika pa masaya ake, koma khosi losenza dengu silicheuka, ndipo sanaime. Ine, amene mudzi wonse unkandiopa kuti ndine wolimba mutu, ndinamanga mtolo wanga pa kaliyala, nkumtsatira pambuyo.